Opita ku Durban Disembala uno, nyanja ija si ya ku Salima

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi abale athu a kuno ku Harare, a ku Mbare, Highfield, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, amene ayamba kale kusonkha ndalama za ulendo wa ku Durban. Ena amapita ndi mpingo, ena ndi gulu la chipereganyu, ena amapita kukaoda katundu n'kupatula tsiku limodzi loti akaone nyanja yamchere. Ife tikulembafe timaphunzitsa kusambira ndi masewera olimbitsa thupi. Chotidandaulitsa n'chakuti anthu athu akafika kugombe amagawikana pawiri. Ena amaopa madzi mpaka sabata yonse imathera m'chipinda chogona ndi m'mashopu. Ena amathamangira m'madzi ngati afika ku Senga Bay. Zosangalatsa zambiri za ku Durban zili kumtunda, n'zaulere, ndipo zimakoma m'mamawa. Madziwo nawonso ngolowa, koma ali ndi malamulo ake amene mwana wa matchona wokulira pakati pa dziko sanaphunzitsidwepo.

Ulendo wokha umatopetsa thupi musanaone ndi funde lomwe. Kuchoka pa siteshoni ya mabasi ya Roadport kudzera ku Beitbridge ndi Johannesburg ndi makilomita opitirira 1,600, ndipo mzere wa pachipata ukatalika mumakhala m'basi tsiku lathunthu ndi maola ena pamwamba. Mapazi amatupa. Tsiku loyamba musathamange, ingoyendani mphindi 30 kapena 40, madzulo mugone mutatsamiritsa miyendo pa pilo. Kutupa kwa mapazi onse awiri kumaphwa kokha. Koma katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kupweteka, musamusisite ndipo musapite naye kothamanga. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kukhala nthawi yaitali osatambasula miyendo kumatha kuumitsa magazi mumtsempha.

Chinthu chabwino koposa ku Durban kwa mlendo ndi msewu wa oyenda pansi umene unayalidwa m'mbali mwa gombe. Unatalikitsidwa mu 2019 ndipo tsopano ndi wa makilomita pafupifupi 8, kuchoka pakhomo la doko, kudutsa uShaka Marine World, Addington, South Beach, North Beach, Suncoast, mpaka ku Blue Lagoon kumene mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja. Ndi wotakasuka, wopanda chitunda, wopanda galimoto. Agogo angayendepo, wa pa njinga ya olumala angayendepo. Mu Disembala dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane, ndipo wotchi yanu simusintha chifukwa nthawi ya kumeneko ndi ya kuno ndi imodzi. Muziyamba 5:30, pofika 8 koloko mukhale mwamaliza. Anthu ambiri amalakwitsa apa: amayenda kupita kumpoto mphepo ikuwakankha kumsana, amamva kupepuka, amafika ku Blue Lagoon, ndiye pobwerera makilomita onse aja amawayenda dzuwa litakwera, mphepo ili kumaso. Yambani molimbana ndi mphepo kuti pobwerera izikuperekezani, ndipo mutembenuke mukadali ndi mphamvu. Njinga zobwereka pa ola zimapezeka m'mbali momwemo. Musanalipire, yesani mabuleki onse awiri, kwezani chishalo kuti bondo lipindike pang'ono chabe phazi likafika pansi pa pedulo, ndipo muziyenda kumanzere. Loweruka m'mamawa pamakhala parkrun ya North Beach, kuthamanga kwa pagulu kwa makilomita 5. Salipiritsa, woyenda pansi amaloledwa, chofunika n'kulembetsa pa intaneti mukadali kuno ndi kutenga barcode yanu.

Othamanga a kuno amvetse chinthu chimodzi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja. Mukatsikira ku Durban mpweya umalowa mosavuta, chifuwa chimamasuka, mwendo umafuna liwiro. M'menemo ndi momwe muli msampha. Kuno thukuta limauma pakhungu n'kuziziritsa thupi. Kumeneko chinyezi n'chochuluka, thukuta limangoyenderera osauma, thupi silizizira. Munthu amayamba ndi liwiro loposa la masiku onse, pakatha mphindi 20 mutu waphulika. Masiku atatu oyamba chepetsani mtunda ndi theka ndipo thamangani liwiro loti mungathe kucheza ndi mnzanu. Imwani theka la lita ola limodzi musanayambe, ndi theka lina pa ola lililonse limene muli padzuwa. Ngati mwatuluka thukuta kwambiri, sungunulani paketi ya ORS, kapena masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mnzanu akayamba kulankhula zosokonekera kapena kudzandira, amenewo si matama ayi. Muikeni pamthunzi, mumuvule zothina, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, muimbe 112 pa foni ya m'manja. Ndipo tisanamizane kuti khungu lakuda silipsa. Limapsa, limasupuka pamphuno ndi pamapewa. Dzolani mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30, mubwereze pakatha maola awiri ndiponso mukatuluka m'madzi.

Mchenga umanyenga. Kuyenda pa mchenga wouma wofewa kumadya mphamvu zowirikiza kawiri poyerekeza ndi pamsewu, ndipo chidendene chimamira, motero katumba ndi mtsempha wa kuseri kwa chidendene zimakokeka kuposa mmene zinazolowera. Munthu amene chaka chonse amavala nsapato akathamanga makilomita 5 wopanda nsapato tsiku loyamba, mawa lake satha kuponda. Yambani ndi mphindi 10 kapena 15 pa mchenga wonyowa wolimba umene uli pafupi ndi madzi. Gombe limapendekera kunyanja, ndiye mwendo umodzi umaponda m'munsi kuposa unzake. Pitani ndi kubwerera njira yomweyo kuti bondo limodzi lisasenze katundu yense. Masana mchenga wouma umawotcha mpaka matuza, makamaka ana ndi odwala shuga amene mapazi awo samva msanga kutentha, choncho masilipasi asachoke kuphazi mpaka mutafika ponyowa.

Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika ndi nyengo. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchoka podzaza kufika pophwa pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawi zake zimachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukangokhala kumene ndiponso ukakhala wathunthu, kusiyana kwake ku Durban kumayandikira mamita awiri ndipo madzi amakoka mwamphamvu. Masiku amenewo madzi amaphwa cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa, nthawi yabwino ya mpira wa pamchenga ndi kuyenda, n'kudzaza chakumadzulo. Banja limayala chitenje 11 koloko pamalo ouma, limaika zikwama, mafoni ndi mapasipoti, 3 koloko funde limodzi lalanda zonse. Yang'anani mzere wa zinyalala ndi ndere umene madzi anasiya usiku, muyale kumtunda kwake. Mapasipoti atsale kogona.

Tsopano za kulowa m'madzi. Lamulo lalikulu ndi limodzi: sambirani pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu, pa nthawi imene ma lifeguard, opulumutsa anthu m'madzi, ali pantchito. Mbenderazo sazizika mwachisawawa. M'mawa uliwonse amayang'ana kumene madzi akukokera, ndipo amazisuntha tsiku likamapita. Pakati pa mbendera pamakhala pothithikana, ndiye anthu athu, pokonda ulemu ndi kusafuna kugundana ndi alendo, amasuntha mamita 50 kupita pamene palibe anthu ndipo madzi akuoneka odekha. Malo odekhawo ndi amene amapha.

Chifukwa chake ndi ichi. Mafunde amaunjika madzi kugombe, ndipo madziwo ayenera kubwerera. Paja madzi saiwala khwawa. Amakumba ngalande mumchenga wa pansi n'kubwerera kunyanja ngati mtsinje wopapatiza, umene kumeneko amautcha rip current. Pangalandepo ndi pakuya, choncho mafunde saswekapo. Mukaima pamalo okwera mudzaona thovu loyera kumanja, thovu loyera kumanzere, pakati kanjira ka madzi akuda kapena a matope, nthawi zina zinyalala zikuyenda kulowera kunyanja. Kanjira kameneko kamapezekanso nthawi zambiri m'mbali mwa milatho yolowa m'nyanja ija ya ku North Beach ndi Bay of Plenty. Mukaona anyamata a matabwa osewerera pamafunde akulowera pomwepo, musawatsatire. Iwo akukwera dala mtsinjewo kuti uwatengere kutali, ndipo ali ndi thabwa lowayandamitsa.

Rip yamphamvu imathamanga mamita awiri pa sekondi, liwiro limene ngakhale katswiri wa mpikisano sangalimbane nalo nthawi yaitali. Koma siikokera munthu pansi. Imangomutengera kutali, ndipo mphamvu yake imatha mukapitirira pamene mafunde akuswekera. Chimene chimamiza munthu ndi mantha ndi kutopa: waona gombe likutalikira, wayamba kupalasa molunjika kumtunda, pakatha mphindi ziwiri manja alema, wamwa madzi. Ikakugwirani, lekani kulimbana nayo. Gonani chagada, makutu alowe m'madzi, chibwano chiloze kumwamba, manja ndi miyendo zitambasuke. Madzi amchere amayandamitsa kuposa a m'nyanja ya Chivero. Mpweya ukabwerera, kwezani dzanja limodzi m'mwamba kuti akuoneni. Ngati mumatha kusambira, sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mufike pamene pali thovu loyera, mafunde akukankhireni kumtunda. Ngati simutha, ingoyandamani. Ntchito yanu ndi kupuma basi, yotsalayo ndi ya opulumutsa.

Amene satha kusambira asapitirire m'mawondo, ndipo tikunena mawondo pamene funde lafika, osati pamene labwerera. Pansi pa nyanja si posalala ngati pa damu losambira la Les Brown. Phazi limodzi muli m'chiuno, lachiwiri mwagwera m'dzenje lofika m'khosi. Musafulatire nyanja. Mafunde amabwera m'magulu, angapo ang'onoang'ono kenako akuluakulu motsatizana, ndiye musanalowe imani mphindi 10 mukuwerenga. Funde likamabwera imani cham'mbali, miyendo motangadza. Wodziwa kusambira amamira pansi pa funde manja ali patsogolo pa mutu. Kudumphira chamutu m'madzi amene simukuona pansi pake, kapena kulola funde losweka pamchenga penipeni likunyamuleni, ndi kumene kumathyola makosi ndi mapewa. Kwa ana ndi oyamba kumene, mbali ya uShaka ndi Addington ndiyo yabwino chifukwa khoma la doko limatchinga mafunde.

Pali nkhani ina imene tiinene mwaulemu, chifukwa ikukhudza chikhulupiriro. Magulu a mapemphero amakonda kupita kunyanja usiku kapena mbandakucha, kumalo kopanda anthu, atavala mikanjo yaitali, kukabatiza kapena kukatunga madzi m'zigubu zobwera nazo kuno. Pamenepo zoopsa zonse zakumana: mdima, palibe wopulumutsa, ndipo nsalu yonyowa imalemera n'kukulunga miyendo. Chitenje, jinzi ndi siketi yaitali zimachita chimodzimodzi. Abusa ndi atsogoleri a magulu, pempherani pamchenga nthawi imene mukufuna, koma za m'madzi dikirani ma lifeguard afike, muwauze chimene mwadzera, akulozereni poima. Amayi amene safuna kuonetsa thupi avale kabudula wothina wofika m'mawondo ndi malaya opepuka ogwira thupi. Chigubu mutungire m'madzi ofika m'kakolo, funde lidzakubweretserani lokha. Ndipo madziwo si akumwa kapena kumwetsa mwana: lita imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere, woposa umene impso zingathe kutulutsa popanda kuumitsa thupi.

Abambo, inu ndi amene mumativuta kwambiri. Akuti ine ndinkawoloka Shire ndili mnyamata. Tsabola wakale sawawa, achimwene. Papita zaka 25, mimba yabwera, ndipo Shire alibe mafunde. Mowa ndi woletsedwa pagombe la Durban ndipo apolisi amalanda, koma ena amamwera m'galimoto n'kutsikira kumadzi. Mowa umachotsa mantha n'kusiya miyendo yofooka. Amene walawa, tsiku limenelo akhale wolondera zikwama.

Mwana akamamira sakuwa ngati mmene timaganizira. Amaima chilili m'madzi, mutu wapendekera kumbuyo, kamwa ikulowa ndi kutuluka, manja akupapasa m'mbali, ndipo mphindi imodzi isanathe wapita. Wamkulu mmodzi ayang'anire ana osapitirira awiri, akhale pamtunda woti atatambasula dzanja amugwira, foni ili m'chikwama. Mukati tonse tikuyang'ana ndiye kuti palibe akuyang'ana. Tchulani dzina: mayi a uje, mphindi 20 izi ndi zanu, kenako mulandirane. Machubu ndi matilesi opopa ndi a padamu. Kunyanja mphepo yochokera kumtunda imawakankhira kutali mofulumira kuposa mmene bambo angasambirire. Pa 16 ndi 26 Disembala ndi pa 1 Januwale gombe limadzaza moti mchenga suoneka, ndipo ana ambiri amasochera. Nyengo imeneyi akuluakulu a mzinda amapereka tizibangili tolembapo nambala ya foni ya kholo. Mumuveke mwana mukangofika, mulembe nambala imene ikugwira ku South Africa, osati ya kuno imene ilibe netiweki. Pali madamu osaya a ana m'mbali mwa msewu uja, ndipo kwa mwana wosakwana zaka 6 amenewo ndi okwanira.

Mukaona munthu akutengedwa, musalumphiremo chimanjamanja. Nthawi zambiri maliro amakhala awiri chifukwa womira amakwera pamutu pa womupulumutsa. Kuwani, mmodzi athamangire ma lifeguard, wina aimbe 112, wina asachotse diso ndi chala pa munthuyo. Mponyereni choyandama: chigubu cha malita 5 chopanda kanthu chotseka bwino, bokosi loziziritsira zakumwa, mpira. M'magombe ambiri a South Africa bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI linapachika zoyandamitsa za pinki pamitengo, zoti aliyense atenge pangozi. Akatulutsidwa ndipo sakupuma, mugonekeni chagada, kwezani chibwano, muuzireni mpweya kasanu, kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 ndi kuuzira kawiri, mobwereza mpaka thandizo lifike. Musataye nthawi kumufinya mimba kuti madzi atuluke. Ngati akupuma mugonekeni cham'mbali, ndipo aliyense amene wamwa madzi n'kumatsokomola kapena kubanika akaonedwe kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino.

Za shaki, nsomba zazikulu zolusa zija, anthu amaopa mopitirira. Durban ili ndi maukonde kuyambira 1952, ndipo amawasamalira ndi a KwaZulu-Natal Sharks Board. Dziwani chabe kuti si mpanda: ukonde umatsika mamita 6 m'madzi akuya kuposa mamita 10, ndipo pakati pa maukonde pali mipata. Ndiye musasambire usiku, mbandakucha, chisisira, kapena m'madzi a matope pafupi ndi mathiriro a mtsinje. Mu Juni ndi Julayi, nsomba za sardine zikamadutsa, maukonde amachotsedwa m'magombe ena ndipo kusambira kumaletsedwa. Chimene chidzakupwetekeni kawirikawiri ndi bluebottle, kanthu kabuluu konga kathumba ka pulasitiki kokhala ndi ulusi wautali, kamene kamabwera ndi mphepo yochokera kunyanja. Kamaluma ngakhale katafa pamchenga, ndipo ana amakonda kukatola. Kakakulumani musakande kapena kupaka mchenga. Tsukani ndi madzi a m'nyanja, chotsani ulusiwo ndi m'mphepete mwa khadi, kenako viikani m'madzi otentha amene dzanja lingapirire, mphindi 20. Kutupa nkhope kapena kubanika ndi za kuchipatala msanga.

Chinanso ndi ukhondo wa madzi. Chigumula cha mu Epulo 2022 chinawononga mapaipi a zonyansa, ndipo kuyambira pamenepo magombe ena amatsekedwa nthawi ndi nthawi tizilombo ta E. coli tikachuluka. Khonsolo ya eThekwini, imene imayendetsa mzinda wa Durban, imalengeza magombe otsegula. Funsani m'mawa womwewo, werengani chikwangwani, ndipo kukagwa mvula yamphamvu dikirani masiku awiri. Wa bala losapola asalowe.

Tsiku limene nyanja yatsekedwa silinawonongeke. Durban Botanic Gardens, munda umene unakhazikitsidwa mu 1849, uli ndi mthunzi ndi kapinga wokwana banja lonse. Pafupi ndi bwalo la Moses Mabhida, lija linamangidwira World Cup ya 2010, pali People's Park pamene ana angathamange ndi kupalasa njinga. Ku Umhlanga, kumpoto pang'ono, kuli msewu wina wa oyenda pansi wodutsa pa nsanja ya nyali yofiira ndi yoyera. Okonda mbedza, Blue Lagoon ndi malo anu, koma kuwedza m'nyanja ku South Africa kumafuna chilolezo cholipira ngakhale mukuwedzera pagombe, ndipo pamenepo ndi pa mathiriro a mtsinje, si posambira. Kulikonse, yendani awiri kapena atatu, pamene pali anthu ndi kuwala, foni isakhale m'manja.

Amene asankha Beira chifukwa ndi kufupi, makilomita osakwana 600 kudzera ku Mutare ndi Machipanda, zonse tanenazi zikuwakhudza, kuwonjezapo ziwiri. Kumeneko kusiyana kwa kudzaza ndi kuphwa kumafika mamita 6, motero munthu woyenda kutali pamchenga madzi ataphwa amatha kutsekerezedwa akamabwerera. Ndipo Beira ndi dera la malungo pamene Durban si dera la malungo. Wokulira mu Harare alibe chitetezo cha m'thupi chimene agogo ake anali nacho ku Nkhotakota, choncho akaonane ndi achipatala za mankhwala oteteza asananyamuke, agone m'neti, ndipo akatentha thupi atabwerako akayezetse n'kunena kumene anali.

Kukonzekera kuyambire konkuno, masabata 6 ulendo usanafike. Kuyenda mphindi 30 katatu pa sabata, ku Harare Gardens, ku Mukuvisi Woodlands kapena kuzungulira bwalo la mpira la kwanuko, n'kumawonjezera mphindi 5 sabata iliyonse. Ndipo aliyense wa pagulu, kuyambira mwana mpaka amayi a chigwirizano, apite padamu losambira limene lili lotsegula, pakhale wodziwa, aphunzire chinthu chimodzi: kugona chagada m'madzi ofika pachifuwa, mnzake atamuchirikiza ndi dzanja kumsana, kenako dzanjalo lichoke pang'onopang'ono. Ambiri amazigwira pa maulendo atatu kapena anayi. Msungichuma wa gulu, polemba maina a amene amaliza kulipira basi, awonjezere mzere wina pambali wolembapo amene wayandama masekondi 60 popanda womugwira. Wopanda chizindikiro pamzere umenewo, ku Durban malire ake ndi m'mawondo.

Ndife owerenga anu,
Aphunzitsi a kusambira ndi masewera olimbitsa thupi,
Harare